Space Mountain yakalamba inde, ndiye tiigwetse?

Achemwali ena a ku Leeds andilembera imelo. Akuti asonkha ndalama kwa nthawi yaitali, holide ikubwerayi akupita ku Orlando, ku Florida m'dziko la America, banja lonse, ana awiri ndi bambo a kunyumba omwe msana umawavutavuta, ndiye mwana wamkuluyo wakhala akuonera mavidiyo pa YouTube mpaka wagamula yekha kuti Space Mountain, roller coaster (kasitima ka masewera kothamanga pa njanji zokwera ndi kutsika) ya ku Magic Kingdom, paki ya Disney kumeneko, ndi chiphakasa, imangogwedeza anthu mumdima, kuima pa layini yake n'kutaya nthawi. Funso lawo n'lakuti akwere kapena angoidutsa.

Achemwali mwandiputa dala. Yankho lalifupi lomwe mumafuna mulipeza kumunsi kwenikweni uko, koma apa mundilole kaye nditulutse za kukhosi.

Space Mountain imeneyo inatsegulidwa pa 15 Januwale 1975. Ineyo ndinabadwa chaka chomwecho. Ndiye mukaona anyamata a pa intaneti akulemba kuti chinthu cha 1975 malo ake ndi ku sikirapu, mudziwe kuti kuno kuli munthu wina amene amawerenga zimenezo akusisita bondo, kkkk. Ndili mu gulupu ina ya pa Facebook ya anthu openga ndi mapaki amenewa, ambiri ndi a kuno ku England ndi a ku America, a Malawi tilimo owerengeka ndipo enawo amangoona osalemba kanthu, koma nkhani ya Space Mountain ikangoyambika basi dziwani kuti sabata yatha, anthu akuluakulu a ndevu zawo kutukwanizana chifukwa cha kasitima ka mumdima mpaka ma adimini kutseka makomenti.

Mbali imodzi kuli anyamata owerengera. Awa ali ndi mndandanda mu foni wa roller coaster iliyonse yomwe anakwerapo, amadziwa kampani yomwe inapanga, sipidi yake, kutalika kwake, ndipo akatsika chinthu choyamba si kuseka ayi, n'kutulutsa foni n'kuipatsa malikisi. Kwa iwowa mlandu wa Space Mountain ndi wachidule. Sipidi yake siidutsa makilomita 45 pa ola, siikutembenuza chadodolido ngakhale kamodzi, ulendo wonse ndi mphindi ziwiri ndi theka, ndipo pambali pake pomwepo pali roller coaster ina, TRON, yomwe inatsegulidwa mu Epulo 2023, yothamanga kuwirikiza kawiri, yosalala bwinobwino. Ndiye amati bwanji osangogwetsa chakalecho. Mwana wanuyo akumvera amenewa. Mbali inayo kuli a musakhudze. Awa anakwera koyamba ali ana atagwira dzanja la malemu bambo awo, ndipo safuna ngakhale bawuti imodzi isinthidwe, kugwedezako akuti ndiye kukoma kwake, wina analemba kuti ngakhale fungo la mkatimo asalisinthe. Fungo, abale.

Ine sindinakule ndi zinthu zimenezi, ndiye palibe mbali yomwe ndinabadwiramo. Kwathu ku Ntcheu chothamanga kwambiri chinali katungwe wa mu mtengo wa mango ndi kutsetsereka pa chulu mvula ikagwa, kabudula kung'ambika, madzulo kukwapulidwa. Roller coaster yoyamba ndinaiona ndi maso anga ku Johannesburg, ku paki ya Gold Reef City, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 nthawi yomwe ndinkagwira ntchito kumeneko, ndipo anandikokera ndi anzanga a ku Zimbabwe omwe tinkakhala nawo nyumba imodzi. Anandiika pa Golden Loop. Imeneyo siikwera phiri pang'onopang'ono ayi, mwangokhala phee mukucheza kenako imakuponyani ngati mwala, kuzungulira chadodolido, kukwera kumtunda, kubwereranso chambuyo. Ndinatsika miyendo ikunjenjemera, ndinakhala pa benchi osayankhula, anzanga aja akuganiza kuti ndakwiya, koma ine mumtima ndikuwerengera ngati ndalama ya thiransipoti ingakwanenso nditabwera mwezi wamawa. Ndipo Golden Loop yomweyo ndi ya kaunjika, inapangidwa ndi kampani ya Schwarzkopf ya ku Germany, inayamba kugwira ntchito ku America mu 1977 isanabwere ku Johannesburg. Ndiye ine chikondi changa choyamba chinali kale nkhalamba, mwina n'chifukwa chake mawu akuti chiphakasa amandiwawa chonchi.

Nditabwera ku England mu 2003 ndinapeza roller coaster ya Black Hole ku paki ya Alton Towers. Anthu omwe anafika kuno mochedwa sanaione. Inali mkati mwa chitenti chachikulu, inatsegulidwa mu 1984, nayonso ya Schwarzkopf, tisitima take tinkakwera mozungulirazungulira mpaka pamwamba kenako n'kugwera mumdima wokhala ndi tinyenyezi tochepa. Ndinakwera ndi mayi a kunyumba kwangawa tisanakwatirane, iwo kutsogolo ine kumbuyo, ndipo anakuwa mu Chichewa chenicheni cha ku Dedza, mayo ine ndafa ine, mpaka mzungu wina titatsika anabwera kudzafunsa ngati ali bwino. Mpaka lero amakana kuti sanali iwo. Nthawi imeneyo anthu ankainyoza Black Hole, ankati ndi yakale, yaphokoso, layini yake siiyenda, pomwe paki yomweyo ili ndi zatsopano, pafupi pali Oblivion, kwinaku kuli Nemesis. Mu 2005 anaitseka. Chitenti chija chinakhala chopanda kanthu zaka ndi zaka anthu akungochidutsa, mpaka pamalopo anamangapo The Smiler yomwe inatsegulidwa mu 2013, yotembenuza anthu maulendo 14. Lero pitani mu gulupu mwathumo mungolemba dzina loti Black Hole muone maliro ake. Anthu omwe aja ankati ichotsedwe ndi omwe akutumiza zithunzi za chitenti ndi timaemoji tolira.

Koma chomwe chimandisangalatsa ndi ichi. Black Hole sanaiphwanye, anaigulitsa, ndipo patapita zaka inakapezeka ku Sweden pa paki ya Furuvik, ataipatsa dzina loti Rocket, ataiika panja padzuwa. Ndinaonera vidiyo yake. Kanthu kakang'ono abale, kofatsa, koti ukangokaona umati kodi n'komwe kankaliza anthu kaja? Njanji yomweyo, kukhota komweko, changochoka ndi mdima basi. Ndiye anyamata owerengera akamandiuza kuti Space Mountain ndi makilomita 45 okha pa ola ine ndimati eya, nanga bwanji anthu amatuluka mawu atasasa? Amene munakwerapo matola usiku pa msewu wafumbi, mwakhala pa thumba la chimanga kumbuyo kwa pikapu, nyali zikuunikira kutsogolo kokha inu simukuona kanthu, mukudziwa zomwe ndikunena, galimoto ikuyenda mwina 40 koma thupi likukuuzani kuti dalaivala wapenga, chifukwa dzenje lililonse ndi kona iliyonse zikukupezani musanakonzeke. Maso akamaona njanji amauza khosi ndi mimba kuti konzekani tikukhotera kumanzere. Maso akachotsedwa ntchito, kakutsetsereka kakang'ono kamakhala ngati phompho. Anthu a Disney anadziwa zimenezi kale mu 1975, ndipo manambala a mu foni sangaziyeze.

Ife ku Florida tinapita ana atakula pang'ono, titasonkha ngati momwe mwachitiramu. Chinyumba cha Space Mountain mumachionera patali, choyera, chosongoka, chotalika mamita pafupifupi 56, chili ndi mizati ya konkire kunja kuyambira pansi mpaka kunsonga. Chinamangidwa kuseri kwa njanji ya sitima yozungulira paki ija, ndiye kuti mukafike mumadutsa mu khwalala lalitali lotsikira pansi kenako n'kukweranso, mukuzizira bwino, kanyimbo kofatsa, ndipo kwa munthu amene wapsa ndi dzuwa la Orlando kuyambira m'mawa khwalala limeneli palokha ndi mphatso. Mukafika kumapeto layini imagawika pawiri chifukwa njanji zilimo ziwiri, Alpha ndi Omega, zofanana kungoti ina imakhotera uku ina uko, iliyonse yotalika pang'ono kusakwana kilomita. Kasitima kake kamanyamula anthu 6 okha, osati awiriawiri ayi, aliyense yekha mondondozana. Mumakhala pansi penipeni, miyendo kutambasula m'mbali mwa mpando wa mnzanu wakutsogolo, chikwama pakati pa miyendo, kachitsulo n'kutsikira pantchafu basi, paphewa palibe chilichonse. Kenako mumalowa m'kanjira ka magetsi abuluu othwanimathwanima, phokoso likukwera, mwatulukira pa chikweza, tcheni ikukoka kete kete kete, mukuona ngati anthu awiri ovala za mumlengalenga atapachikika mozondoka pamwamba, kenako zii. Mdima. Mumangomva kasitima kena kakudutsa penapake pafupi ndi anthu ake akukuwa, mphepo kumaso, ndipo ine amene ndimakonda kukweza manja pa roller coaster iliyonse apa ndinawabweza ndekha, chifukwa mumaona ngati tizithunzithunzi ta zitsulo tikudutsa pamwamba pa mutu ndipo mtima umakana. Ndipo poti palibe wokhala naye pambali, palibe womugwira dzanja, palibe woyang'anizana naye n'kuseka, mantha ake ndi ako wekha. Chimenechi pa Space Mountain ya ku California palibe, kumeneko amakhala awiriawiri.

Mwana wanga wamkazi, yemwe nthawi imeneyo anali pa msinkhu woti chilichonse chomwe bambo ake akonda ndi chachimidzi, anatsika n'kunena kuti zinali bwino pang'ono. Pang'ono. Chithunzi chomwe makamera amajambula mkati muja chinatuluka pa sikirini iye pakamwa pali yasa, maso atatseka, tsitsi lili m'mwamba, ine ndinangomuloza osanena kanthu. Madzulo ake ndi yemwe anafunsa ngati tingabwererenso. Tsiku lina tinakwera PeopleMover, tingolo tofatsa tija timayenda pamwamba kuzungulira Tomorrowland, chigawo cha paki chomwe kuli Space Mountain, n'kudutsa mkati mwa chinyumba chomwecho, ndiye tinachita mwayi, Space Mountain inali itaima kaye ndipo magetsi onse anali oyaka. Ndinaona zonse. Zitsulo zotuwa zolukanalukana ngati pamalo pomwe akumanga nyumba, masitepe a anthu ogwira ntchito, pansi pa simenti, njanji ziwiri zija zitapiringizana mothinana kwambiri. Palibe chokongola. Mwana uja anati mwaona adadi, ndi chigoba chabe. Ine ndinati eya, ndipo chigoba chimenecho n'chomwe chinakutsegula pakamwa dzana lija. Mavidiyo a magetsi oyaka amenewa ali mbwee pa YouTube ndipo ndikukhulupirira kuti mwana wanu wawaonera, n'zomwe zamulimbitsa mtima.

Pano ndipatuke pang'ono chifukwa mu imelo mwanu munali kachiganizo kena kamene munangodutsa mwachangu, koti abale kumudzi simunawauze za ulendowu. Achemwali ndakumvani. Ine nditatumiza chithunzi chili ndi nyumba yachifumu ya ku Magic Kingdom kumbuyo pa gulupu ya banja, sipanathe ola ndinalandira uthenga woti malata a nyumba ya agogo akudontha, kenako wina woti fizi, kenako amalume ena anaimba n'kufunsa mwaulemu wake kuti kodi zoona mwakwera ndege kukakwera katungwe? Ndinayesa kufotokoza ndinalephera. Timatumiza, mwezi ndi mwezi timatumiza, mashifiti a usiku timagwira, koma tsiku lomwe wati ana anga nawonso aoneko zomwe anzawo a ku sukulu amakamba ndiye wasanduka wosakaza. Pitani basi. Zithunzi muziika mukabwerako, kapena osaika n'komwe.

Tibwerere. Anyamata owerengera aja chomwe amaiwala n'choti zambiri zomwe amazitamanda lero zinayambira pa zinthu zomwe akuzinyozazi. Mu 1959 ku Disneyland, paki ya Disney ya ku California, anatsegula Matterhorn Bobsleds, roller coaster yoyamba kuyenda pa njanji ya mapaipi achitsulo, yopangidwa ndi kampani ya Arrow. Walt Disney ataona kuti anthu aikonda anayamba kukambirana ndi katswiri wake wojambula mapulani, John Hench, cha m'ma 1964 zopanga ina ya mkati mwa nyumba, ya ulendo wa mumlengalenga, koma makompyuta a nthawi imeneyo anali asanafike poyendetsa tisitima tambiri mumdima mosagundana, Walt anamwalira mu 1966, ganizo lija linagona. Magic Kingdom itatsegulidwa mu 1971 anapeza kuti achinyamata akubwera ambiri koma chowathamangitsa magazi palibe, ndiye anafukula mapulani aja, kampani ya RCA inaikapo ndalama, ndipo pa tsiku lotsegulira panali James Irwin, munthu amene anapondadi pa mwezi ndi Apollo 15. Njanji anaigawa zigawozigawo, chigawo chilichonse ndi mabuleki ake, kompyuta ikuonetsetsa kuti kasitima kasalowe m'chigawo chomwe muli kanzake. N'chifukwa chake kamodzi kakachedwa penapake, tonse timaima ndipo amayatsa magetsi. Ngakhale mizati ija ili kunja si zokongoletsa chabe, Hench anaiika kunja dala kuti denga la mkati likhale losalala, nyenyezi zizioneka bwino akamaziwalitsa. Lero ndi roller coaster yakale kuposa zonse zomwe zikugwirabe ntchito mu Florida monse.

Tsono a musakhudze musayambe kuomba m'manja, chifukwa inunso ndili nanu mawu. Imagwedeza. Zoona zake imagwedeza, ndipo wonena kuti ayi ndi wabodza kapena anakwera komaliza ali ndi zaka 12. Njanji za nthawi imeneyo ankazijambula ndi kuzipinda mosiyana ndi lero, kuchoka powongoka kulowa pa kona kumabwera mwadzidzidzi, pomwe za masiku ano kompyuta imawerengera kuti kukhota kuyambe pang'onopang'ono ndipo thupi lizizungulira pa chifuwa osati kuponyedwa cham'mbali. Onjezerani zaka 50 za mawilo akudutsa pamenepo kuyambira m'mawa mpaka usiku, chaka chonse popanda nyengo yotseka ngati mapaki a kuno ku England, onjezeraninso mdima uja woti thupi silikonzekera. Koma pali kugwedeza ndi kugwedeza. Ine pa paki ina kuno ku Ulaya, dzina ndisunga, ndinakwera roller coaster ya zotchingira paphewa zolimba zija, mutu unkamenya uku ndi uku ngati wina akundiwomba mbama, khutu linatentha, khosi linauma masiku angapo moti pobwerera anayendetsa galimoto ndi mayi a kunyumba. Kumeneko ndiye kupweteka. Kwa Space Mountain ndi kokutukumula m'chiuno ndi m'mbali, mutu ulibe poti umenye. Komabe kunena kuti kutukumulako ndiye mzimu wake, ayi, pamenepo ndikukana. Palibe injiniya amene anakhala pansi mu 1974 n'kunena kuti tiyeni tiwapweteke nthiti. Anapanga zomwe akanatha ndi zida zomwe anali nazo.

Ndiye maganizo anga ndi awa ndipo sindisuntha. Asinthe njanji, asiye china chilichonse. Zinachitikapo kale. Space Mountain ya ku Disneyland ku California, ya 1977, anaitseka mu Epulo 2003, anazula njanji yonse n'kuika yatsopano yotsata njira yomweyo, n'kutsegulanso mu Julaye 2005, ndipo mpaka lero anthu amati ndi yosalala. Ku Florida anaitseka miyezi ingapo mu 2009, anakonza zina, anawonjezera mdima, koma njanji yonse sanaisinthe ngati kunzakeko. Kuno Alton Towers inatseka Nemesis kumapeto kwa 2022, n'kusintha njanji, n'kuitsegula mu Malichi 2024, ndipo ngakhale mkangano wa utoto wake sunathe, palibe amene akuti yasiya kukhala Nemesis. Ku Magic Kingdom komweko Big Thunder Mountain anaitseka mu Januwale 2025 kuti aike njanji yatsopano. Ndiye njira ilipo, ikudziwika. Koma ukalemba zimenezi mu gulupu a musakhudze amakudumphira ngati wanyoza manda. Anthu amenewa amandidabwitsa, Splash Mountain, ya mabwato oyenda pamadzi ku Magic Kingdom, itatsekedwa mu Januwale 2023 ena anatunga madzi ake m'timabotolo n'kumagulitsa pa eBay, madzi a mu ngalande abale, ndipo panali ofuna kugula. Munthu wotere ungakambirane naye za mabawuti? Chomwe sakuona n'choti iwowo ndi amene akupereka mpeni kwa anyamata owerengera, chifukwa chinthu chikasiyidwa osakonzedwa mokwanira m'dzina la chikondi, tsiku lina akuluakulu amangowerengera ndalama n'kunena kuti bola tiyambe chatsopano.

Ndipo chatsopanocho n'chomwe ndimachiopa. Ku Tokyo Disneyland anatseka yawo ya 1983 pa 31 Julaye 2024, akumanga ina kuyambira pa maziko yoti idzatsegulidwe mu 2027, ndipo idzakhala yokongola, anthu a ku Japan sachita zinthu mwachibwana, koma idzakhala chinthu china chovala dzina lakale. Ku Paris yawo ya 1995 inali ndi chimzinga chachikulu chomwe chinkakuwomberani kupita ku mwezi, nkhani yakeyake, maonekedwe akeake, pano kuyambira 2017 anaiveka za mafilimu a nkhondo za mumlengalenga n'kuitcha Hyperspace Mountain, kunja chinyumba chikunena zina mkati mukuchitika zina. Masiku ano chilichonse chatsopano chimabwera ndi masikirini, ndi anthu a mu filimu akukulankhulitsa, ndi nkhani yoti uyambe waonera kaye mafilimu atatu kuti umve. Cosmic Rewind ya ku Epcot, paki ina ya Disney ku Florida komweko, ya 2022, ndi yabwino zedi, sindikunama, yosalala, mipando yake imazungulira, nyimbo zili pamwamba, koma imakuuza poyang'ana sekondi iliyonse. Space Mountain siikuuza kanthu. Ilibe ngwazi, ilibe mdani, imangokuika mumdima n'kukusiya wekha ndi mutu wako, ndipo zinthu zotere sakupanganso chifukwa mdima sungagulitse zidole mu shopu ya potulukira. Komanso inu amene mumatulutsa foni mkati muja n'kuyatsa tochi kuti mujambule, Mulungu akukuonani. Anthu aima ola lathunthu kudikira mdima, inu n'kubwera ndi kuwala kwanu, vidiyo yakenso yosaoneka kanthu, yongomveka mphepo. Mxii.

Nanga za msana wa alamu?

Apa ndiye palibe nthabwala. Pakhomo pali chikwangwani chonena kuti a vuto la msana, khosi, mtima, BP yokwera ndi amayi oyembekezera asakwere, ndipo sanachiike pofuna kukongoletsa. Ngati msana wa alamu anga ndi woti anapita nawo kwa dokotala, asakwere, ngakhale ana awanyengerere bwanji, ngakhale iwo eni ayambe zachimuna zija zoti ine ndilibe vuto. Holide ya ndalama zonsezo isathere pa bedi la mu hotela tsiku lachiwiri. Mipando ija ili pansi kwambiri, kutulukamo kokha ndi ntchito kwa ife a 1975. Akwere PeopleMover, ilibe malire a msinkhu, ndi mphindi pafupifupi 10 atakhala pa mthunzi, adutsa mkati momwemo amva kukuwa kwanu.

Inuyo ndi ana kwerani. Wamkuluyo mumuuze kuti amalume ati ayambe wakwera kenako adzapereke malikisi ake, ndipo chithunzi cha pa sikirini muchisunge. Wamng'onoyo mumuyeze kunyumba musananyamuke, pamafunika masentimita 112, TRON ndi 122, ndipo pamenepo sanyengerera ngakhale atalira chotani. Mumuuzenso zoona kuti akhala yekha pampando, inu mukhala kumbuyo kwake mutha kumugwira phewa. Pitani m'mawa paki ikangotsegulidwa kapena usiku anthu akakhamukira kukaonera ma fireworks, zophulika zowala mumlengalenga zija, masana layini imadutsa ola mosavuta, apo ayi ndiye Lightning Lane, layini yachidule yolipira. Pemphani mpando wakutsogolo, kumbuyo kumatukumula kwambiri. Musadye kaye. Magalasi m'chikwama, ndipo achemwali ngati tsiku limenelo mwavala wigi muimange ndithu, ikagwera mmenemo muja simuipezanso tsiku lomwelo.